Khoma la Mai Eneresi

Ana anga, mayi anu akuti chipumire ntchito ndasanduka wailesi yosazimitsika, ndiye ndi bwino nkhani zangazi ndiziuze pepala poti ilo silitopa. Ndamvera. Za ubwana wanga ndazilumpha, ndi za mbuzi ndi matekenya basi. Ndiyambira pomwe ndinagwira choko koyamba. Mayina a sukulu ndawabisa dala, chifukwa zina zimene ndinene pano sizokomera aliyense, ine ndemwe poyamba.

Chaka choyamba, ku Chiringa

Ndinafika pa sukulu yanga yoyamba ndi sutikesi ya malata pa kaliyala ya njinga, tayi pakhosi, ndi Chingelezi chodzaza m'kamwa. Ndinkadzimva, musandiseke. A Hedi anali a Mulekano, nkhalamba yaifupi yoyenda ndi kachitini m'thumba la jekete. M'kachitinimo munali choko cha sukulu yonse. Ankachidula patatu ndi lezala, ndipo ukapita kukapempha china ankayamba akufunsa kuti kachidutswa ka dzulo kali kuti. Buku la Chingelezi la Sitandade 7 linali limodzi, lopanda chikuto, masamba ena atadyedwa ndi chiswe.

Sabata yachitatu ndinafika pa phunziro la mawu awiri aja amene amazunguza ana, wish ndi hope. Ndinalongosola monga anatiphunzitsira ku koleji, malamulo ndi mayina ake aatali, piriyodi yonse osapuma. Ana anangoti maso tong'o. Nditatuluka ndinapeza a Mulekano ataima pawindo.

"Aphunzitsi, mwalankhula bwino zedi," anatero. "Ine ndamva zonse. Vuto ndi loti ine Sitandade 7 ndinakhoza kale."

M'mawa mwake analowa okha m'kalasi mwanga, ine n'kukhala kumbuyo. Anajambula mzere kutsika pakati pa bolodi. Kumanzere analemba wish, kumanja hope. Kenaka anafunsa ana kuti aliyense anene chimene mtima wake ukufuna. Wina anati akufuna mapiko kuti aone pamwamba pa phiri la Michesi. "Zitheka zimenezo?" Ana onse anakuwa kuti ayi. Anamupatsa choko kuti akalembe kumanzere. Wina anati akufuna mvula igwe bwino kuti nandolo wa mayi ake abereke. "Zitheka?" Ana anati mwina. Kumanja. Kenaka mtsikana wina wa pakona ananena motsitsa mawu kuti akufuna bambo ake amene anamwalira abwerere. A Mulekano sanafunse kalasi. Anangomupatsa choko, ndipo mwanayo anayenda yekha kupita kumanzere.

Pamphindi makumi awiri ana anali atagwira chimene ine ndinalephera kuwapatsa ndi malovu a tsiku lonse: kuti wish ndi pamene mtima ukulakalaka koma mutu ukudziwa kuti sizingatheke kapena zinadutsa kale, pamene hope ndi kuyembekeza chinthu chimene khomo lake lidakali lotsegula. Sindinkadziwa kuti munthu angaphunzitse chinenero cha eni ndi zinthu zimene ana atuluka nazo m'nyumba m'mawa womwewo.

Pobweza kachidutswa ka choko m'chitini anandiuza kuti, "Njira ndi imeneyo, itengeni. Koma mbali aziisankha mwana yekha. Inu ntchito yanu ndi kukonza sipelo."

Njirayo ndinaitenga, ndipo ndinaphunzitsa nayo mpaka tsiku lopuma. Kumisonkhano ya aphunzitsi ndinkaionetsa ngati yanga, ndipo a Mulekano, Mulungu awausitse mumtendere, sindinawatchulepo ndi kamodzi komwe.

Chaka cha khumi ndi chitatu, ku chigwa

Apa n'kuti ndili pa sukulu ina ya kumunsi, m'dera la mpunga cha ku Chilwa, ndikuphunzitsa Sitandade 8. Boma linali litangothetsa fizi ya ku pulayimale, ndipo ana anabwera ochuluka moti makalasi atatu ankaphunzirira pansi pa mkuyu umodzi, aphunzitsi n'kumapikisana kukuwa. Makope ankafika mwa apo ndi apo. Pakati pa khamulo panabweranso akuluakulu angapo amene anasiya sukulu kalekale. Ambiri anatha miyezi iwiri n'kubwerera kumunda. Mmodzi yekha ndiye anakakamira, Mai Eneresi.

Anali a msinkhu wanga, mayi wa ana atatu, woyamba wawo ali Sitandade 5 pa sukulu yomweyo. Ankakhala kumbuyo pa njerwa, chitenje pamwamba pa yunifolomu. Amuna awo anali msodzi, ndipo anawalola kuti aphunzire mpaka mayeso a chaka chimenecho basi, zikatha abwerere ku mpunga. Chimene ankafuna sankabisa: ku sikelo ya ana kunkafunika wothandiza kulemba m'makadi, koma ankafuna munthu wa setifiketi ya Sitandade 8. Tsono pa mayeso a m'kalasi zinali zomvetsa chisoni. Pa mafunso khumi ankayankha atatu kapena anayi, nthawi n'kutha. Zilembo zawo zinali zazikulu, chimodzi kudya mizere iwiri. Ine ndinagamula mumtima kuti mutu unauma.

A Hedi pamenepo anali a Nampinga, munthu wamtali wa njinga yonyezimira nthawi zonse. Musawaone ngati munthu woipa. Midadada iwiri imene ili pamenepo lero anaimanga iwo, poumbitsa makolo njerwa ndi kukakamira ku maofesi mpaka nsapato kutha. Koma ankanyadira chinthu chimodzi koposa: kuti ana a sukulu yawo sagwa mayeso a boma. Chinsinsi chake ankachitcha kupeta. Mwezi wotumiza mayina ukafika, tinkachotsa onse ooneka kuti alephera, n'kuwauza kuti abwereze kalasi. Sanayambitse ndi iwo, sukulu zambiri zinkatero. Ine ndinali nditapeta zaka zitatu, ndipo chakudya chinkatsika bwinobwino.

Tsiku lina masana, dzuwa likuswa mtengo, ndinajambula mzere wanga uja pa bolodi. Ana analemba zawo, za mapiko, za njinga, za mvula. Mai Eneresi anadzuka pa njerwa yawo, anatenga choko, napita kumanja. Analemba mwapang'onopang'ono, zilembo zikuluzikulu: I hope to pass Standard 8. Ine ndinali nditatopa, ndipo mukundidziwa pakamwa panga. Ndinafufuta ndi chikhatho, n'kukalembanso chiganizocho kumanzere, uku ndikuti, "Mayi, ndi mamalikisi anu aja, izi kwawo ndi kuno." Kalasi inafa ndi phwete. Iwo sanaseke ndipo sanakwiye. Anangoti, "Mwasuntha ndi inu, aphunzitsi. Ine ndinaika uko." Anabwerera pa njerwa yawo. Mawu a a Mulekano anandibwerera nthawi yomweyo, koma ndinawakankhira kumbali n'kupitiriza phunziro.

Patapita masabata awiri a Nampinga anandiitana mu ofesi. Tinayala mamalikisi pa tebulo n'kupeta. Panatuluka mayina asanu ndi limodzi, la Mai Eneresi pamwamba.

"Ana asanuwa ndiwauza ndine Lolemba," anatero a Hedi. "Koma mayi uja ndi mkazi wa mwini. Sitingamuimike pa mzere ndi ana n'kumuuza kuti wapetedwa, mwana wake akuonerera. Munthu wamkulu timamupeza pakhomo pake. Mupiteko inu Loweruka, a Namakhwa. Mukalankhule mwaulemu."

Ndinavomera mosavuta. Ndinkaona ngati ndi ulendo wa ola limodzi.

Loweruka la ulendowo

Ndinapalasa njinga m'timizere ta pakati pa minda ya mpunga, phiri la Mulanje lili kumsana. Nyumba yawo inali yomaliza, kuseri kwake dambo lokhalokha. Ndinawapeza atapinda chitenje, manja ali matope mpaka m'zigongono, akuzira khoma la pakhonde. Mayi awo okalamba anali pa mphasa akusenda chinangwa cha makaka. Anandilonjera m'Chilomwe, n'kundiikira kampando.

Ndinakhala pansi, ndinakonza kukhosi kuti ndiyambe mawu amene ndinawayeseza njira yonse. Ndiye maso anga anagwera pa chigawo cha khoma chimene anali asanazire.

Ana anga, khomalo linali lolembedwa. Kuchokera pomwe mkono ungafike mpaka pansi penipeni, ndi makala, mizere yowongoka ngati yoyezera chingwe. Ndinadzuka osadziwa kuti ndadzuka. Apa masamu a mafulakishoni amene ndinaphunzitsa Lachiwiri. Apa mitsinje ya m'Malawi ndi komwe imathira. Apa duwa lojambulidwa, ziwalo zake zonse zili ndi mayina. Ndinakhota pakona, khoma lachiwiri chimodzimodzi. Kuseri chimodzimodzi, mpaka pa khoma la khitchini. Bolodi yanga ya sabata yonse inali itazungulira nyumba, ngakhale kamchira kamene ndimapinda pa chilembo cha g kanali pomwepo. Pa khoma loyang'ana ku dambo ndinapeza mayeso a Lachisanu lapitalo, aja anayankha mafunso atatu okha. Apa mafunso onse khumi anali atalembedwa kuchokera m'mutu, ndipo onse anali ndi mayankho. Ndinawerengera chala chili pa khoma, mwachizolowezi cha ntchito. Asanu ndi anayi anali okhoza. Mwana wanzeru kuposa onse m'kalasi anapeza asanu ndi atatu.

Ndalowapo m'matchalitchi akuluakulu a ku Blantyre, koma sindinamvepo kuchepa ngati mmene ndinachepera kuseri kwa kanyumba kaudzu kameneko.

"Mayi, walemba izi ndani?"

"Ndani winanso? Amayiwa?" anayankha akuseka. "Ndikaweruka ndimalemba zimene ndaona pa bolodi zisanathawe. Loweruka ndimazira, Lamulungu liuma, Lolemba ndiyambanso."

"Chiyambire liti?"

"Chibwerereni ku sukulu. Onani apa pamene mbuzi inagumula."

Anandionetsa m'mbali mwa chitseko pomwe dothi linanyotsoka. Munkaoneka mizere yopyapyala yosanjikizana, dothi, makala, dothi, makala, kulowa mkati. Ndinayamba kuwerenga ndi chikhadabo ndipo ndinalekera panjira. Khomalo linali litanenepa ndi maphunziro.

"Nanga makope amene timagawa aja?"

"Amenewo ndi a ana. Iwo ndiwo ali ndi ulendo wautali." Anatambasula manja awo amatope, zala zokhuthala ndi khasu ndi chikwakwa. "Komanso bolopeni imandithawa, aphunzitsi. N'kanthu koterera. Ndikamaigwira kuti isagwe, belu lalira. Khala ndiye limandimvera."

Miyezi yonseyi ndinkayesa mutu wa munthu, chikhalirecho chimene chinkandiyankha ndi dzanja. Pafupi ndi chitseko penipeni panali mzere uja wotsika pakati. Kumanzere analemba kuti I wish I had not left school. Kumanja kunali chiganizo chija ndinafufuta ndi chikhatho, chitabwerera pamalo pake, poti akazira ankachilembanso.

"Mwabwera ndi mawu, aphunzitsi?" anafunsa.

"Ayi, ndimangodutsa."

Gogo uja anaseka mpaka mpeni kugwa. Kudutsa kupita kuti, poti njira imathera pakhomo pomwepo? Mai Eneresi anapukuta manja pa udzu, nandiyang'ana m'maso.

"Ngati ndi za mndandanda nenani, musavutike. Ana anandiuza kuti mwezi uno mumapeta. Koma mudziwe kuti ine kubwereza kulibe. Bambo a kuno anandipatsa chaka chino chokha."

Mawu amene ndinanyamula anakana kutuluka. Chimene chinatuluka ndi ichi: "Lolemba mubwere ndi dzanja lanulo. Tiliphunzitse bolopeni."

Madzulo ake ndinawafotokozera mayi anu zonse. N'kuti ali ndi pakati pa iwe Chifundo, miyezi isanu. Pa sukulupo tinali ndi nyumba ya malata, dimba la mpunga, chipatala pafupi. Iwo ankawadziwa a Nampinga kuti munthu wowatsutsa sakhalitsa.

"Mukakangana nawo tipita kuti ndi mimbayi?" anafunsa. Anapitiriza kusankha nyemba, kenaka anati, "Chitani zimene mwaona. Koma mukalichotsa dzinalo, za khoma limenelo musadzandiuzenso."

Lolemba lake

Mafomu a mayeso ankadzaza ndine monga mphunzitsi wa kalasi, a Hedi n'kusaina pansi. Ndinalowa mu ofesi dzina la Mai Eneresi ndili nditalilemba kale ndi inki.

"Mwamuuza?"

"Sindinawauze, bwana. Alemba nawo."

Anavula magalasi. Ndinawafotokozera za khoma, za mafunso khumi, za mizere ya dothi. Ndinawapempha kuti tipite limodzi akaone okha.

"A Namakhwa, boma silidzabweretsa khoma m'chipinda cha mayeso. Lidzabweretsa pepala ndi wotchi. Mayi ameneyu akagwa, pa msonkhano wa ahedi adzatchula dzina langa, osati lanu."

Apa mkwiyo wanga uja unandipitirira. Ndinawauza kuti sukulu yawo siikhoza mayeso koma imabisa ogwa, ndi kuti njinga yawo ndi mbiri yawo n'zopukuta kunja kokha. Mawu achiwiriwa sanafunike, ndipo ndimachita nawo manyazi mpaka lero. Anatenga cholembera, nasaina.

"Dzina lalowa," anatero mosakweza mawu. "Koma inu ndi ine sitingagwirenso ntchito pansi pa denga limodzi. Mukudziwa zimenezo?"

"Ndikudziwa, bwana."

Ndinatuluka ndikudziona ngati ngwazi. Panja ana asanu aja anali ataima pa mzere kudikira kuitanidwa. Ndinawadutsa ndikuganiza za komwe ndingapeze mapepala.

Mapepalawo ndinawapeza: matumba a simenti otsala pomanga midadada. Ndinkawang'amba, kuwajambula mizere, ndipo nthawi ya buleki iliyonse Mai Eneresi ankakhala pa desiki yanga, ine wotchi m'manja. Tinakulunga bolopeni ndi kachingwe ka mphira kuti inenepe ngati khala. Sabata zoyamba ankatuluka thukuta kuposa munthu wolima. Zilembo zinayamba kuchepa, kuchoka pa mizere iwiri kufika umodzi. Mafunso anayi anakhala asanu ndi limodzi, kenaka asanu ndi atatu. Sanadandaulepo ndi tsiku limodzi. Nthawi zina ndinkaiwala kuyang'ana wotchi, n'kumangoyang'ana zala zimenezo zikulimbana ndi kanthu kakang'onoko.

Kalata yondisamutsa inafika mayeso atatsala masabata awiri. Tsiku limene iwo ankalowa m'chipinda cha mayeso, ife tinali pa thirakitala ndi katundu.

Chaka cha khumi ndi chinayi, ku Fort Lister

Anatiponya pampata wa pakati pa Mulanje ndi Michesi, pafupi ndi mabwinja a linga la atsamunda. Aphunzitsi tinalipo awiri, makalasi asanu ndi atatu. Nyumba inalibe chitseko, tinkatseka ndi mphasa, ndipo mphepo ya pampatapo imalowa mpaka m'mafupa. Chifundo, iwe unabadwira m'nyumba imeneyo chifukwa chipatala chinatalika, ndipo mayi ako anatha sabata osandilankhula. Anali ndi chifukwa. Komabe ndinene zoona, m'mawa uliwonse ndikatuluka n'kuona mapiri awiri aja ataima uku ndi uku, mitambo ikudutsa pakati pawo chapafupi, ndinkaiwala kwa kanthawi kuti ndili pa chilango. Za kuchigwa sindinkamva kanthu. Zotsatira zinatuluka, ine osadziwa.

Tsiku lina chakumasana ndikuphunzitsa panja, ndinaona munthu wamtali akukankha njinga pa chitunda, jekete ili paphewa. Njingayo inali fumbi lokhalokha, n'chifukwa chake ndinachedwa kuwazindikira. Anali a Nampinga. Ndinaganiza kuti abwera kudzandionetsa manyazi. Ndinawapatsa mpando, mayi anu anabweretsa madzi. Anamwa makapu awiri asanalankhule.

"Wakhoza," anatero. "Mayi wanu uja. Wakhoza bwino kuposa ana ambiri amene tinawasunga. Pano ali ku sikelo, akulemba m'makadi. Mdzukulu wanga anamulemba ndi iyeyo."

Misozi inatsika pamaso pa bwana wanga wakale, ndipo sindinaibise.

"Ndinapitako," anapitiriza. "Zotsatira zitafika ndinati ndikaone khoma lija munkanena. Panopa akulembapo ndi ana ake. Ndinazungulira nyumba chipewa chili m'manja, a Namakhwa. Ine amene sindivula chipewa ngakhale kwa a bwana a maphunziro."

Ndinayamba kupepesa za mawu aja a njinga. Anakweza dzanja kundiletsa.

"Sindinakwere phiri lonseli kudzamva zimenezo. Ndabwera ndi funso limodzi, chifukwa landisowetsa mtendere ndipo ndilibe wina womufunsa. Tinapeta asanu ndi mmodzi. Asanu enawo, kwawo munafikako?"

"Ayi, bwana."

"Inenso ayi."

Tinakhala pamenepo anthu awiri akuluakulu, ana akutisuzumira. Kenaka anandiuza kuti awiri anabwereza kalasi, koma atatu sanabwererenso ku sukulu. Chaka chimenecho anatumiza mayina onse, ndipo sanapetenso mpaka kupuma kwawo. Inenso kulikonse kumene ndinapita pambuyo pake ndinakana kupeta. Koma zimenezo sizinathandize asanu aja, kapena a zaka zitatu za m'mbuyo amene ndinawachotsa ndi dzanja langa.

Inu ana mwakhala mukumva nkhaniyi anthu akuinena monditama, kuti bambo anu anataya nyumba ya malata chifukwa cha mayi wa ku dambo. Ndi zoona, ndipo sindinong'oneza bondo. Koma ndinapita kwa Mai Eneresi chifukwa chakuti anali munthu wamkulu ndipo mwambo unandikakamiza, osati chifukwa cha nzeru zanga. Enawo anali ana, choncho tinangowaimika pa mzere. Mayina awo ndikuwakumbukira: Lusiya, Witinesi, Jafali, Esimi ndi Maliko. Onse asanu ankakhala pafupi ndi sukulu kuposa Mai Eneresi, ndipo njinga ndinali nayo.